Pulojekiti m'chikwama, phiri la Mulanje patsogolo

Semesita ikamatha m'makoleji a m'chigawo cha kummwera, dzina la Mulanje silisowa pakamwa pa ophunzira. Mayeso atha, mitu yapepuka, kalasi yasonkherana ndalama ya basi. Ochokera ku MUBAS mumzinda wa Blantyre amadzera msewu wa Midima, pomwe a ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, ndi oyandikana nalo kale phirili. M'zikwama mumakhala pulojekiti yoti akaionetse, pambali pake nsapato zokwerera phiri.

Ena amati maulendo otere n'kungotaya ndalama za makolo. Akulakwitsa, chifukwa ndi maboma ochepa m'Malawi muno amene angayese nzeru za wophunzira monga amachitira Mulanje.

Titenge wophunzira zauinjiniya amene wakonza pulani ya magetsi oyendera madzi. Ku Bondo, m'mbali mwa mtsinje wa Lichenya, akapeza zimene iye wangojambula papepala zikugwira ntchito. Bungwe la MEGA limapatutsa madzi a mtsinjewo m'ngalande, kenako madziwo amatsetsereka m'paipi yaikulu n'kukazunguza makina m'kanyumba kamene kali m'munsi. Mkatimo phokoso lake munthu amachita kukuwa kuti mnzake amve. Nthambo zochokera pamenepo zimafika m'nyumba za anthu, m'mashopu, kusukulu ndi kuchipatala. Apa ndiye pamakhala mayeso enieni. Mphunzitsi amafunsa za masamu, koma mwini chigayo amafunsa kuti mtsinje ukaphwera m'mwezi wa Okutobala chigayo chake chilira kapena ayi, nanga chitsulo chikathyoka ndani alipire. Pulojekiti imene yalephera kuyankha mafunso amenewa ndiye kuti sinapse, ngakhale itapeza malikisi ochuluka bwanji.

A zaulimi amalowera ku Mimosa, kumene bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa limafufuza mbewu za tiyi zopirira chilala ndi matenda. Tiyi wakhala akulimidwa m'bomali kuyambira m'ma 1890, ndipo lero pambali pa maesiteti akuluakulu monga Lujeri pali alimi ang'onoang'ono ambiri amene amagulitsa masamba awo kumafakitale. Wophunzira akayesa kuthyolako yekha, dengu lili kumsana, amazindikira msanga kuti kudzaza kilogalamu imodzi si masewera.

Nkhani yowawa ndi ya mkungudza. Mtengo umenewu umamera mwachilengedwe paphiri la Mulanje pokha padziko lonse, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa anausakaza kwambiri, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango komanso anthu a m'midzi yozungulira, lakhala likufesa mbande m'manazale n'kumazinyamula pamutu kukabzala pamwamba. Wophunzira zankhalango amene waona mbandezo m'timachubu takuda, ndi mtunda umene amayi amakwera nazo, salembanso mopepuka kuti "anthu akumudzi ndiwo akuononga chilengedwe".

Ntchito ikatha, gulu limathamangira ku Likhubula. Pa Chitakale amagula zinanazi, kenako amatsika basi pa ofesi ya zankhalango n'kuuyamba wapansi, pafupifupi ola lathunthu, mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kuchita thovu, ndipo kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Dziwelo ndi lakuya ndipo anthu anamirapo, choncho wosadziwa kusambira akhale pamwala. Mtsinje wa Likhubula, umene umadzaza dziweli, kuyambira 2019, umamwetsa mbali ina ya mzinda wa Blantyre kudzera m'mapaipi opita ku Nguludi.

Sapitwa, nsonga ya phirili yotalika mamita 3,002, si ya ulendo wa tsiku limodzi. Pamafunika kugona m'tinyumba ta pamwamba monga Chisepo, komanso wolondolera njira wa m'deralo. Nkhungu ya chiperoni ikatsika, njira imasowa m'kanthawi kochepa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitirira yekha, ndipo anafera komweko.

Pali chinthu chimodzi chimene chimadandaulitsa. Kawirikawiri ophunzira amafika m'mudzi ndi mapepala a mafunso, agogo amasiya khasu n'kuwayankha za kugumuka kwa phiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, koma zotsatira zake zimakawerengedwa m'Chingerezi m'chipinda cha ku koleji. Eni nkhani samvanso kanthu. Chonsecho mu Julayi 2025, pamene UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, inatero polemekeza miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amakhala m'munsi mwake.

Aphunzitsi amene mukukonza ulendo wa semesita ikubwerayi, ikani pa ndondomeko yanu ola limodzi la pabwalo la amfumu. Ophunzira akafotokoze zimene anapeza m'Chichewa, alandire mafunso a eni mudzi, kenako apite ku Dziwe la Nkhalamba, ndipo pobwerera atole mabotolo awo onse.