Nkhokwe ya Mlembi Ili pa Khonde la Agogo

Munthu wotsika ndege pa bwalo la OR Tambo, akalunjika kumadzulo kulinga ku Johannesburg, asanayende mtunda wautali amafika ku Edenvale, tauni ya m'dera la Ekurhuleni kumene Amalawi, potsata mapazi a makolo awo amene ankabwera ku Joni ndi Wenela, akudyera thukuta lawo m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi m'masitolo a eni dziko. Ndipo ngakhale kuti ambiri a iwo mbiriyi sinawafike m'khutu, mu mzinda waukulu woyandikana nawowo mudakhazikika mwana wamkazi wa ku Zomba amene ndakatulo zake zidawoloka nyanja. Iyeyu ndiye Upile Chisala, wobadwa m'chaka cha 1994, amene dzina lake lenilenilo, m'chinenero cha Chiyao, litanthauza mwayi.

Popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Upile adachoka m'tsinde mwa phiri la Zomba ali ndi zaka 17 napita ku America, kumene adaphunzira za chikhalidwe cha anthu pa New Mexico State University, asanakapitirize maphunziro ake ku Oxford. Buku lake loyamba, soft magic, adalisindikiza yekha mu 2015, osadikira kuti wina amtsegulire khomo. Pambuyo pake padadza nectar, kenaka a fire like you mu 2020. Ndakatulo zake nzazifupi, zina zosadzaza ndi chikhatho chomwe, ndipo zimanena za mkazi wakuda, thupi lake, chikondi ndi moyo wa mlendo m'dziko la eni. Alipo akuluakulu ena, ozolowera zophiphiritsa za Jack Mapanje ndi Steve Chimombo, amene angaziyese zopepuka. Koma ine ndiyesa kuti aja adalemba pamene ndende ya Mikuyu inali kukamwa yasa, chotero adayenera kubisa mawu m'chigoba, pamene mbadwo uno uli ndi ufulu wotchula chinthu ndi dzina lake.

Chimene chidandigwira mtima, komabe, si mabukuwo ayi, koma ichi: atakhazikitsa ku Johannesburg msonkhano wa mwezi ndi mwezi wosula alembi ongoyamba kumene, sadaufunire dzina la Chingelezi, koma adautcha Khala, polemekeza agogo ake aakazi. Taonani, munthu woti adakhala pansi pa aphunzitsi omveka a ku Oxford, itafika nthawi yakuti nayenso aphunzitse, mtima wake udathamangira kwa gogo! Zoonadi, mawu a akulu akoma akagonera.

Izi si za Amalawi okha. Ku Las Cruces komweko, kumene kuli sukulu imene Upile adaphunzirako, pafupi ndi malire a Mexico, kudabadwira Denise Chávez mu 1948, mmodzi wa alembi aakazi a ku America amene mizu yawo ili kwa anthu olankhula Chisipanishi. Ndipo iyeyu, amene adaphunziranso pa sukulu yomweyo, sadapite kutali kukasaka nkhani, koma adalemba za akazi operekera zakudya m'malesitilanti, monga mu Face of an Angel ya mu 1994, ndi za amayi ake ndi chakudya cha pakhomo pawo mu A Taco Testimony ya mu 2006, akumawaza mawu a Chisipanishi m'Chingelezi chake monga mayi athira nsinjiro m'ndiwo. Mnzake Sandra Cisneros, mwana wamkazi yekhayo pakati pa alongo ake 6, adaumba The House on Mango Street ya mu 1984 ndi dothi la ubwana wake ku Chicago. Onsewa adatapa m'nkhokwe imene sadaimange okha.

Tsono pobwerera ku Edenvale mtima umagwa mphwayi. Kuyambira mu Meyi 2008, pamene chipolowe chothamangitsa alendo chidabuka ku Alexandra, mtunda wochepa chabe kuchokera ku Edenvale, nichifalikira mpaka kupha anthu 62, makolo ambiri adaphunzira kutsitsa mawu polankhula Chichewa m'minibasi, ndipo sindingawadzudzule, pakuti amene adalumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Koma mwana amene sadamvepo gogo akuti "Padangotero," iye nayankha kuti "Tili tonse," amene nthano za Kalulu ndi Fisi sadazimvere pa mkeka nsima ili m'mimba, akadzagwira cholembera adzatapa m'nkhokwe yiti?

Lamulungu likafika, mapemphero atatha, mudzaona mayi ataimbira foni kumudzi, ku Mangochi kapena ku Mzimba, nampatsa mwana kuti apereke moni, gogo kutsidyako afunsa kuti, "Wadzuka bwanji, mdzukulu wanga?" ndipo mwanayo, foni ili kukhutu, acheukira amake kuti amuuze choyankha.