Utsi wa Fodya wa Mnansi: Udindo wa Eni Nyumba ku America

M'nyumba zikuluzikulu zosanjikizana, momwe mabanja ambiri amalekanitsidwa ndi khoma lokha, utsi wa fodya sukhazikika m'chipinda cha wosutayo, koma umadutsa m'ming'alu, m'mipata ya mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, ngakhalenso pansi pa chitseko, mpaka kukafika kwa mnansi amene sanagwirepo ndudu. Mu 2006 Surgeon General, yemwe ndi mlangizi wamkulu wa zaumoyo m'boma la United States, adalengeza kuti utsi woterewu ndi woopsa ngakhale uchepe bwanji, ndiponso kuti makina otulutsa kapena oyeretsa mpweya sangauthetseretu.

Popeza wosuta amakhala ali m'nyumba imene akulipira lendi, kwa nthawi yaitali eni nyumba ankasamba m'manja, nkumati ochita lendiwo athane okha. Maganizowa adagwedezeka m'chaka chomwecho cha 2006, pamene bwalo la milandu la mumzinda wa New York lidamva nkhani ya banja limene lidasamuka m'nyumba ya lendi mgwirizano usanathe chifukwa cha utsi wa oyandikana nawo. Mwini nyumbayo, amene ankafuna ndalama za miyezi yotsala, adati osutawo sankachita lendi m'nyumba yake ndipo analibe mphamvu pa iwo. Koma woweruza adati utsi ungathe kuphwanya lamulo lakuti nyumba yobwereketsa ikhale yoyenera kukhalamo munthu, monga momwe phokoso kapena denga lodontha zimachitira, ndipo mwiniyo sanasonyeze kuti adayesako n'komwe kudandaula kwa oyang'anira nyumba yosanjikizana yonseyo. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa amene amalandira lendi ndiye ali ndi pakamwa pofikira oyang'anira, ndipo kukhala chete kwake kuli ndi mtengo.

Malamulo adatsatira, ngakhale mosiyanasiyana. Kuyambira mu 2012, lamulo la ku California limanena mosabisa kuti mwini nyumba angathe kuletsa kusuta pamalo pake ponse, bola alembe zimenezo mu mgwirizano wa lendi. Boma lalikulu lidapita patsogolo, pakuti pofika mu Julayi 2018 nthambi yake yoona za nyumba, HUD, idali italetsa kusuta m'nyumba zonse za boma za anthu opeza zochepa, m'makonde mwake, komanso pamtunda wosakwana mamita pafupifupi 8 kuchokera pakhoma. Lamuloli silikhudza nyumba za anthu wamba, choncho wochita lendi kumeneko amadalirabe zimene zidalembedwa mu mgwirizano wake ndi malamulo a mzinda umene akukhala.