Kodi Wakuba Amadziŵika ndi Nkhope?

Pamsika pakamveka mfuu yakuti "Wakuba!", anthu ambiri amagamula mlandu asanafunse kanthu. Ena amati nkhope ya munthuyo ndi ya mbava, ena amati amuona ndi maso awo. Nkhope ya wopalamula ndi maso a mboni ndi zina mwa zinthu zimene wophunzira wa pa yunivesite amazifufuza pamene atenga maphunziro a za upandu, otchedwa criminology, pamodzi ndi a za maganizo a munthu, otchedwa psychology.

Phunziro loyambalo limafunsa kuti ndi milandu yotani imene imachuluka, imachitikira kuti, ndiponso ngati chilango chimaichepetsa. Lachiŵirilo limayang'ana munthu payekha: mmene amaonera zinthu, mmene amazikumbukirira ndi mmene amatengera khalidwe. Onse aŵiri amaphunzitsa mwambo umodzi, wakuti chimene anthu onse amakhulupirira chiyenera kuyesedwa chisanatchedwe choona.

Nkhani ya nkhope inayesedwa kale. M'chaka cha 1876 dokotala wa ku Italy, Cesare Lombroso, analemba buku lonena kuti anthu ena amabadwa ali apandu, ndipo amadziŵika ndi nsagwada zazikulu, makutu aakulu ndi maonekedwe a chigaza. Ophunzira ambiri a nthaŵi imeneyo anamukhulupirira. Koma dokotala wa m'ndende za ku England, Charles Goring, anayeza akaidi pafupifupi 3,000 n'kuwayerekeza ndi asilikali ndi ophunzira a pa yunivesite. M'chaka cha 1913 anafalitsa zimene anapeza: palibe maonekedwe a thupi amene ali a apandu okha. Wophunzira amaŵerenga za Lombroso kuti aone mmene munthu wophunzira angasocheretsere anzake ngati mawu ake sayesedwa.

Maso a mboni nawonso anayesedwa. M'chaka cha 1974, ku America, Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya galimoto. Gulu lina la anthu 50 linafunsidwa liŵiro la magalimotowo pamene "anaphwanyana", lina la anthu 50 pamene "anagundana". Patapita sabata imodzi, onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka. M'kanemamo munalibe galasi losweka, komabe anthu 16 a gulu loyamba anati analiona, pamene m'gulu lachiŵiri anali 7 okha. Anthuŵa sanali kunama. Liwu limodzi la wofunsa linasintha zimene anali kukumbukira. Nchifukwa chake wophunzira amaphunzitsidwa kuti mboni ifunsidwe msanga, payokha, ndiponso ndi mafunso osaiika mawu m'kamwa, pakuti mboni yolankhula motsimikiza ingathe kumangitsa munthu wosalakwa.

Tsono ngati upandu suli pankhope, umachokera kuti? Akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge, imene inatsegula sukulu ya za upandu mu 1959, anayamba m'chaka cha 1961 kutsata moyo wa anyamata 411 a ku London, a zaka 8 ndi 9. Kafukufukuyu anayambitsidwa ndi Donald West, ndipo David Farrington anamupitiriza kwa zaka makumi angapo. Anapeza kuti ana a m'mabanja osauka, osayang'aniridwa bwino, olephera kusukulu, kapena amene kholo lawo linapezekapo ndi mlandu, ndiwo kaŵirikaŵiri anagwa m'milandu atakula. Anapezanso kuti kagulu kochepa kwambiri ndiko kanapalamula pafupifupi theka la milandu yonse, pamene oposa theka la anyamatawo sanaweruzidwepo kuti ndi olakwa. Akuluakulu anati kuongola mtengo n'poyamba, ndipo kafukufukuyu anasonyeza ana amene chithandizo chiyenera kuwafika msanga. Maganizo ofanana ndi ameneŵa ali m'lamulo la Malaŵi la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, limene limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono aongoledwe popanda kuzengedwa mlandu monga wamkulu.

Wofuna maphunziroŵa ayenera kudziŵa kuti saphunzitsa munthu kulosera za mumtima mwa mnzake monga zimaonekera m'mafilimu. Zaka zitatu kapena zinayi za digiri yoyamba zimathera pa kuŵerenga, kuŵerengera ziŵerengero, kuphunzira malamulo ndi kukonza kafukufuku. Wofuna kuchiza odwala maganizo kapena kupereka umboni wa ukatswiri m'bwalo la milandu amafunika maphunziro ena apamwamba pambuyo pake.

Omaliza maphunziro amagwira ntchito kupolisi, m'ndende, m'maofesi osamalira anthu ndi m'mabungwe othandiza ovutitsidwa. Kumeneko ndiko kumene kusamala kwawo kumapindula: wapolisi wofunsa bwino mboni amateteza wosalakwa, ndipo woyang'anira ndende wodziŵa chimene chinagwetsa mkaidi amathandiza kuti munthuyo akatuluka asabwererenso.