Magule a m'Maseŵera Owomberana: Mwini Wake Ndani?

Lero tikambirana za maseŵera owomberana a pa kompyuta, amene anthu ambiri amaseŵera pamodzi kudzera pa intaneti. Woseŵera aliyense amayendetsa chithunzi cha munthu, ndipo akadina batani, chithunzicho chimavina, kuwomba m'manja kapena kuseka. Zizindikiro zoterezi zimatchedwa ma emote.

Ntchito yake yoyamba ndi kulankhula. M'maseŵera a Fortnite, amene kampani ya Epic Games ya ku America inatulutsa m'chaka cha 2017, anthu okwana 100 amatera pa chilumba chimodzi ndi kumenyana kufikira patatsala munthu mmodzi kapena gulu limodzi. Anthuŵa sadziŵana, ndipo kaŵirikaŵiri zinenero zawo n'zosiyana. Motero gule ndiye amapereka moni, amathokoza mnzako wokupulumutsa, kapenanso kunyodola wogonja.

Ntchito yachiŵiri ndi malonda. Kuseŵera Fortnite n'kwaulere, koma magule ambiri amagulidwa ndi ndalama za m'maseŵeramo zotchedwa V-Bucks, zimene munthu amazipeza polipira ndalama zenizeni. Gule sawonjezera mphamvu ya mfuti ngakhale pang'ono. Chimene munthu amagula ndi ulemerero pamaso pa anzake. Maguleŵa anatchuka kotero kuti m'chaka cha 2018, pa mpira womaliza wa chikho cha dziko lonse ku Moscow, Antoine Griezmann wa timu ya France atagoletsa chigoli anavina gule wa mu Fortnite wotchedwa Take the L, amene ndi wonyoza wolephera.

Pamene pali ndalama, milandu sisoŵa. M'mwezi wa Disembala 2018, woimba 2 Milly ndi katswiri wa zisudzo Alfonso Ribeiro anasumira kampaniyi ponena kuti ikugulitsa mavinidwe awo popanda chilolezo. Ofesi yolembetsa umwini wa zaluso ku America inakana kulembetsa gule wa Ribeiro, inati masitepe ake ngochepa, ndipo m'chaka cha 2019 odandaulawo anachotsa milandu yawo. Koma m'chaka cha 2023 bwalo la apilo linalamula kuti mlandu wa Kyle Hanagami, wopeka magule amene anali atalembetsa ntchito yake, upitirire, ndipo mbali ziŵirizo zinamvana kunja kwa bwalo m'chaka cha 2024.

M'chaka chomwecho kampaniyi inapatsa oseŵera mwayi wobisa magule anayi achipongwe, kuphatikizapo Take the L, kuti asaŵaone ngati safuna. Ichi chikusonyeza kuti chitonzo chimapweteka ngakhale chichokere kwa chithunzi.

Choncho inu makolo, mwana akapempha ndalama zogulira gule, mufunseni tanthauzo la guleyo ndiponso amene akufuna kumuvinira. Pajatu ulemu umene timaphunzitsa ana pakhomo ngofunikanso pamene akuseŵera ndi alendo amene sadzaonana nawo maso ndi maso.