Masiku anayi pa msewu wa a Inca wopita ku Machu Picchu

Mzinda wakale wa Machu Picchu, umene mabwinja ake ali pamsana pa phiri m'dziko la Peru ku South America, anthu amaufika m'njira ziwiri zosiyana kotheratu. Ambiri amakwera sitima yapamtunda n'kukatsikira pa katauni ka Aguas Calientes m'mphepete mwa mtsinje wa Urubamba, ndipo basi imawakweza mumsewu wokhotakhota mpaka pachipata m'nthawi ya pafupifupi theka la ola. Ena ochepa, pafupifupi 200 pa tsiku, amayenda wapansi mtunda woposa pang'ono makilomita 40 kwa masiku anayi, kugona m'matenti usiku utatu, n'kudzalowa mumzindawo m'mawa potulukira pachipata chamiyala chapamwamba. Njira yachiwiriyi, imene m'Chisipanishi imatchedwa Camino Inca, kutanthauza msewu wa a Inca, siyenera kuonedwa ngati chinthu chongofikitsa munthu ku mabwinja, chifukwa msewuwo nawonso ndi bwinja, ndipo popeza anaumangira miyendo ya anthu, mpaka lero pafupifupi chilichonse chodutsa pamenepo chimayenda pamsana pa munthu.

Machu Picchu ali pa mamita 2,430, kuyeza kutalika kwake kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, monga mmene amayezera mapiri onse. Akatswiri ambiri amagwirizana kuti malowa anali munda ndi nyumba zopumulirako za mfumu Pachacuti, imene inakulitsa ufumu wa a Inca m'zaka za m'ma 1400, ndipo kafukufuku amene Richard Burger wa ku yunivesite ya Yale ndi anzake anafalitsa mu 2021, atayeza zaka za mafupa opezeka kumeneko, anasonyeza kuti anthu anakhalamo kuyambira cha m'ma 1420 mpaka cha m'ma 1530. Francisco Pizarro wa ku Spain atagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca mu 1532, ufumuwo unayamba kupasuka, ndipo mzinda wa paphiriwu unasiyidwa n'kumera thengo. Hiram Bingham wa ku America, amene mabuku ambiri amamutama kuti ndiye anautulukira, anafikako pa 24 Julayi 1911 molondoleredwa ndi mlimi wa m'deralo, Melchor Arteaga, ndipo anapeza mabanja akulima m'minda yakaleyo komanso dzina la Agustín Lizárraga litalembedwa pakhoma pamodzi ndi chaka cha 1902. Choncho ngakhale mlendo wotchuka kuposa onse wa ku Machu Picchu anachita kutsogoleredwa ndi eni dera.

Msewu wa masiku anayiwu ndi kachigawo kakang'ono ka Qhapaq Ñan, misewu yachifumu imene inali yotalika makilomita pafupifupi 30,000 ndipo zotsala zake zili m'mayiko asanu ndi limodzi a masiku ano, omwe ndi Colombia, Ecuador, Peru, Bolivia, Chile ndi Argentina. A Inca analibe ngolo ndiponso analibe akavalo, ndipo chiweto chawo chonyamula katundu chinali llama, nyama ya khosi lalitali ya mtundu wa ngamila imene sinyamula munthu ndipo imasenza katundu wochepa. Amisiri awo sankavutika n'kuzungulira phiri pofuna kuchepetsa chitunda monga amachitira omanga misewu ya galimoto, koma ankalunjika pamwamba ndi masitepe amiyala, kusema thanthwe pamene latsekereza njira, ndiponso kumanga makoma ochirikiza msewu m'mphepete mwa maphompho. M'misewuyi munkathamanga achaski, amithenga amene ankapatsirana uthenga pamtunda uliwonse waufupi, ndipo munali ma tambo, nyumba zogonamo apaulendo zimene zinkasunganso chakudya.

Oyenda amayambira pa malo otchedwa Piscacucho, amene ambiri amangowatchula kuti Kilomita 82 potengera chizindikiro cha pa njanji yochokera ku mzinda wa Cusco. Tsiku loyamba n'lopepuka, ndipo gulu limadutsa moyang'anizana ndi mabwinja a Llactapata n'kukagona cha ku Wayllabamba pa mamita pafupifupi 3,000, pamene kutalika kwake n'kofanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, ya mamita 3,002. Tsiku lachiwiri ndi limene limasiyanitsa anthu, pakuti kuchokera pamenepo njira imakwera mamita ena 1,200 mosapumira mpaka pa mpata wa Warmiwañusca, pa mamita 4,215. M'chinenero cha Quechua dzinali limatanthauza mkazi wakufa, chifukwa mzere wa phirilo ukamaonekera kumunsi umafanana ndi mayi wogona chagada.

Chimene chimafooketsa anthu pa chitunda chimenechi si kutalika kwa mtunda koma kuchepa kwa mpweya, ndipo nkhaniyi ambiri amaimva molakwika. Gawo la okosijeni mumpweya silisintha, limakhalabe pafupifupi 21 pa 100 iliyonse kaya kugombe kaya pansonga ya phiri, koma pamwamba mpweya wonsewo umakhala wopyapyala, moti pa mamita 4,200 munthu akapuma kamodzi amakoka okosijeni wokwana magawo 6 okha mwa magawo 10 a amene akanakoka ali kugombe la nyanja yamchere. Thupi limayankha mwa kupuma mofulumira ndi kuthamangitsa mtima, ndipo likapatsidwa masiku limazolowera, koma likakakamizidwa kukwera msanga limagwidwa ndi matenda amene anthu a ku Peru amawatcha soroche. Zizindikiro zake, zimene zimatha kuyamba munthu akangopitirira mamita 2,500, ndi litsipa, nseru, chizungulire, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kulephera kugona. Pamene matendawa akula, madzi amatha kudzaza m'mapapo kapena ubongo umatha kutupa, ndipo munthu amene akuchita befu ngakhale atakhala pansi, kapena amene akudzandira ndi kulankhula zosokonekera, ayenera kutsitsidwa nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, popeza mankhwala aakulu a matendawa ndi kutsika. Mphamvu za thupi siziteteza munthu ku soroche, ndipo kawirikawiri achinyamata othamanga amene amanyoza kuyenda mwachifatse ndiwo amadzipezera mavuto.

Pachifukwa chimenechi alendo amalangizidwa kukhala masiku awiri kapena atatu ku Cusco asananyamuke. Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 3,400, kutanthauza kuti uli pamwamba kuposa Machu Picchu ndi pafupifupi kilomita yathunthu, chinthu chimene chimadabwitsa anthu amene amaganiza kuti mabwinjawo ndiwo ali pachimake pa ulendo. Madokotala ena amapereka mankhwala a acetazolamide, amene amafulumizitsa kuzolowera kwa thupi, pamene eni dziko amamwa tiyi wa masamba a coca kapena kutafuna masambawo, mwambo umene ndi wakale kuposa ufumu wa a Inca ngakhale kuti mayiko ambiri salola munthu kulowa nawo masambawo pachipata chawo. Wotsogolera gulu amayenera kukhala ndi botolo la okosijeni ndi mankhwala a chithandizo choyamba, koma ntchito yake yovuta kwambiri ndi kuweruza, ndiko kuyang'ana kayendedwe ndi kalankhulidwe ka munthu amene walipira ndalama zambiri ndipo sakufuna kubwerera, n'kumuuza kuti ulendo wake wathera pomwepo.

Tsiku lachitatu ndi limene limaulula cholinga cha msewuwu. Gulu likanyamuka m'chigwa cha Pacaymayo limadutsa kanyumba kozungulira ka Runkurakay, kuwoloka mpata wachiwiri wa mamita pafupifupi 3,950, n'kufika ku Sayacmarca, mudzi wamiyala womangidwa pa kamphuno ka phiri kamene munthu amakafika pokwera masitepe opapatiza. Kuchokera apo udzu wa pamwamba umatha ndipo imayamba nkhalango yachinyontho imene imakhala m'chifunga nthawi zambiri, njira imalowa m'phanga losemedwa m'thanthwe, kenako imatulukira ku Phuyupatamarca, kumene madzi akuyendabe m'timabafa tamiyala totsatizana. Masitepe otsika kuchokera pamenepo, amene amapweteka mawondo kuposa mmene chitunda cha dzulo lake chinapwetekera chifuwa, amafikitsa munthu ku Wiñay Wayna, malo a minda yamasitepe yomamatira pa phiri lotsetsereka pamwamba pa mtsinje wa Urubamba. Dzinali, lotanthauza wosakalamba, linaperekedwa ndi katswiri wa zofukulafukula wa ku Peru, Julio C. Tello, m'zaka za m'ma 1940 potengera duwa lina lomera kumeneko. Kutsatira chigwa cha mtsinje kukanakhala kosavuta, choncho msewu umene umasankha kukwera mipata iwiri italiitali, kudutsa malo osambirapo mwamwambo ndi kuyang'anitsa woyenda ku mapiri amene a Inca ankawalemekeza ngati milungu, uyenera kuti unali wa ulendo wachipembedzo, wokonzekeretsa munthu asanalowe m'malo opatulika. Wofika pa basi amaona makoma okongola osiyana ndi chilichonse chimene akudziwa, pamene woyenda wapansi amakhala ataona kale kamangidwe komweko kanayi kapena kasanu, ndipo amazindikira ngalande, makomo opapatiza kumwamba ndi miyala yolumikizana popanda dothi kapena simenti.

Boma la Peru linaika derali, la mahekitala 32,592, pansi pa chitetezo mu 1981, ndipo bungwe la UNESCO linalilemba pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1983, koma kwa zaka zambiri aliyense ankatha kuyenda pa msewuwu yekha, kusonkha moto ndi kutaya zinyalala paliponse. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anathetsa zimenezo. Tsopano munthu sangalowe popanda wotsogolera wovomerezeka, anthu ololedwa kuyamba ulendo pa tsiku ndi 500 okha kuphatikizapo antchito, chiphaso chimalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti ya mwiniwake ndipo sangachipatse wina, moto wa nkhuni ndi woletsedwa, ndipo ndodo zoyendera ziyenera kukhala ndi mphira kunsonga kuti zisakande miyala. M'mwezi wa Febuluwale, pamene mvula imafika pachimake, msewu umatsekedwa kuti ukonzedwe, ndipo kuopsa kwa nyengoyi kunaoneka mu Januwale 2010 pamene madzi osefukira anakokolola njanji ndipo alendo masauzande anachita kuchotsedwa ku Aguas Calientes pa helikoputa. Ziphaso za miyezi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Sepitembala, zimatha kudakali miyezi ingapo, ndipo osowa malo amapita ku njira ya Salkantay, imene mpata wake uli cha pa mamita 4,600, kapena ku mabwinja a Choquequirao, amene amafikidwa potsikira m'chigwembe chakuya cha mtsinje wa Apurímac n'kukweranso tsidya linalo.

Mwa anthu 500 aja, pafupifupi 300 ndi antchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi amtengatenga. Akavalo ndi abulu saloledwa pa gawo lalikulu la msewuwu chifukwa ziboda zawo zimawononga masitepe, choncho matenti, miphika, masilinda a gasi, mipando, matebulo ndi chakudya cha masiku anayi zonse zimakwera Warmiwañusca zili pamsana. Onyamulawa ndi alimi olankhula Quechua ochokera m'midzi ya m'mapiri monga Huilloc ndi Patacancha kumtunda kwa tauni ya Ollantaytambo, kumene amalima mbatata ya kachewere, mbewu imene kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes omwewa. Amanyamuka alendo atapita kale chifukwa amayamba apasula msasa, amawapitirira m'njira akuthamanga, ena atavala nkhwaira za matayala, ndipo alendo akamafika ali wefuwefu amapeza matenti atakhomedwa ndi chakudya chili pamoto. Kale panalibe malire a kulemera kwa mtolo. Dziko la Peru linakhazikitsa lamulo loteteza amtengatenga mu 2001, ndipo lamulo lina la mu 2022 linaika malire a makilogalamu 20 kwa mwamuna ndi 15 kwa mkazi, popeza akazi nawonso ayamba kugwira ntchitoyi. Mitolo imaikidwa pa sikelo pa malo oyendera ziphaso, koma sikelo siyeza zimene wantchito wadya kapena pamene wagona usiku wozizira, ndipo ulendo wotsika mtengo mokayikitsa nthawi zambiri umakhala utachepetsa mbali imeneyo.

Pali mbiri yaitali kuseri kwa mitolo imeneyi. Misewu ndi minda ya a Inca inamangidwa kudzera mu mit'a, dongosolo limene mudzi uliwonse unkapereka anthu mosinthana kuti akagwire ntchito ya mfumu, ndipo boma linkawadyetsa kuchokera m'nkhokwe zake. Asipanishi anasunga dzinalo koma anasintha tanthauzo lake, ndipo m'zaka za m'ma 1570 wolamulira wawo ku Peru, Francisco de Toledo, analigwiritsa ntchito potumiza anthu mokakamiza ku migodi ya siliva ya ku Potosí. Owerenga a ku Malawi sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa mawu akuti thangata, amene poyamba ankanena za kuthandizana, anapotozedwa chimodzimodzi m'minda ya azungu ya kumapiri a Shire.

Usiku womaliza gulu limagona pafupi ndi Wiñay Wayna ndipo limadzutsidwa cha m'ma 3 koloko m'mawa. Chipata chopita ku Inti Punku, kutanthauza chipata cha dzuwa, kumene munthu amaonera Machu Picchu koyamba ali pamwamba pake, sichitsegulidwa mpaka 5:30, choncho kulawirira kumeneku si kwa alendo ayi, koma n'kopatsa mpata amtengatenga kuti apasule msasa ndi kutsikira kumtsinje mumdima, akakwere sitima ya m'mawa imene imawabweza ku Ollantaytambo. Alendo amakhala pamzere pachipata ndi matochi awo kudikira mlonda, pamene amuna ndi akazi amene awasenzera katundu masiku atatu amapatukira njira ina kutatsala makilomita ochepa kuti afike ku mzindawo.