Ndinabzala maluwa motengera TikTok, onse anafa: zomwe khonde langa landiphunzitsa

Chaka chatha mu Okutobala, msuweni wanga yemwe amakhala ku Leeds, ku England, atabwera kudzaona makolo, anandipatsa kathumba ka pepala. M'katimo munali timitu khumi tooneka ngati anyezi. Anati ndi ma tulip, maluwa aja ndinkangowasirira pa sitetasi yake ya WhatsApp chaka chilichonse mu Epulo.

Ndinali nditaonera kale mavidiyo osawerengeka pa TikTok ndi YouTube, ndipo onse ankanena zofanana: bzalani mu Okutobala kapena Novembala, thirirani, kenako dikirani. Ine ndinachitadi zomwezo. Ndinagula miphika iwiri ya pulasitiki pamtengo womwe ukanandigulira bandulo ya mwezi wathunthu, ndinakatapa dothi kuseri kwa bafa n'kukwirira timitu tija. M'mawa kuthirira, madzulo kuthirira, ngati ndalembedwa ganyu.

Pofika kumapeto kwa Novembala panalibe ngakhale katsamba kamodzi, koma kafungo kenakake. Nditafukula ndinapeza phala lokhalokha. Timitu tonse tinali titaola.

Mwina wina aseka kuti ndi maluwa chabe. Komatu kwa ine inali nkhani yaikulu. Ndimachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Zingwangwa, mumzinda wa Blantyre. Mpanda wonse ndi simenti yokhayokha, ndipo mayi eni nyumba anandiuziratu tsiku loyamba kuti pasapezeke wokumba paliponse. Malo okhawo omwe ndingawatche anga ndi khonde la mamita awiri m'litali. Ndinakulira kwa agogo anga ku Thyolo, komwe beseni likabooka silinkatayidwa, ankabzalamo maluwa n'kuliika pakhomo. Chimalireni maliro awo zaka ziwiri zapitazo, ndinkafuna kanthu kena kamoyo pakhomo panga kondikumbutsa iwo. Ndiye mphika woyamba utandikanika, zinandipweteka ndithu.

Kalendala ya eni

Amene ananditsegula m'maso ndi bambo wina wogulitsa mbande za maluwa m'machubu m'mbali mwa msewu, yemwe ndinkamudutsa tsiku lililonse pa minibasi. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achemwali, inu munabzala maluwa a dziko la eni pa kalendala ya eni. Okutobala wa kuno ngakhale nkhuku imayenda itayasamula. Nanga kanyezi kozolowera chisanuko kakanapirira bwanji?"

Paja amati safunsa anadya phula. Nditabwerera kunyumba ndinafufuza bwinobwino. Ma tulip anachokera kumapiri ozizira a pakati pa Asia, ndipo kuti achite maluwa amafunika akhale m'dothi lozizira, losapitirira madigiri 9 kapena 10, kwa masabata 12 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake ku England ndi ku Netherlands amawabzala chisanu chikamayandikira, ndipo amadzachita maluwa m'nyengo yomwe eni ake amaitcha spring, kuyambira Malichi mpaka Meyi. Munda wotchuka wa Keukenhof ku Netherlands, womwe zithunzi zake zimadzaza Instagram, umatsekulidwa masabata pafupifupi asanu ndi atatu okha pachaka m'miyezi imeneyi. Kuno Okutobala ndi mwezi wotentha kwambiri, kutentha kumadutsa madigiri 30. Ine ndinangowaika pamoto. Ndinadziwanso mochedwa kuti mbewu ndi zomera zochokera kunja siziyenera kulowa m'dziko muno popanda chilolezo cha a zaulimi, poopa kubweretsa matenda ndi tizilombo. Msuweni wanga ndinamuuza kuti ulendo wina adzangondibweretsera chokoleti basi.

Ife nyengo zathu ndi zitatu: dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, nyengo yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi chilimwe chotentha cha Seputembala ndi Okutobala. Ngati pali nthawi yofananako ndi spring yawoyo, ndi pamene chisanu chikutha, mitengo ya jakaranda ikayamba kufiirira m'misewu ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Choncho mukaona vidiyo ikutchula mwezi, yambani mwafunsa kuti wolankhulayo ali kuti.

Nkhani ya dzuwa nayonso ndi yotembenuka. Mavidiyo a ku Ulaya ndi ku America amati khonde loyang'ana kummwera ndi lomwe limalandira dzuwa lambiri. Ife tili kummwera kwa ikweta, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Khonde loyang'ana kumpoto ndi lomwe limafunda m'nyengo yozizira. Loyang'ana kumadzulo, ngati langali, limalandira dzuwa loswa mtengo la masana mu Okutobala. Musanagule duwa lililonse, khalani pakhomo Loweruka limodzi n'kuona kuti dzuwa limafika nthawi yanji ndipo limachoka nthawi yanji.

Maluwa omwe samatikana

Bambo aja anandisankhira okha maluwa oyambira. Oyamba anali ma marigold, achikasu aja timawaona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Kwawo ndi ku Mexico, koma kuno anakhazikika. Njere zake zimamera pasanathe sabata, ndipo pakatha miyezi iwiri mumakhala mukuona maluwa. Duwa likauma mumalithyola n'kusunga njere mu envulopu, osagulanso. Ma zinnia nawo ndi a ku Mexico, amakonda kutentha ndipo amaitana agulugufe.

Pamalo pomwe dzuwa limaomba kwambiri anandipatsa portulaca, kaduwa koyanga pansi ka masamba onenepa komwe kamatsekula dzuwa likawala n'kutseka madzulo. Mutaiwala kukathirira masiku awiri sikadandaula. Anandipatsanso vinca, yoyera ndi yapinki, yochokera ku Madagascar. Duwa limeneli ambiri timaliona ngati tchire, chonsecho ndi komwe asayansi anapezako vincristine ndi vinblastine, mankhwala omwe madokotala amagwiritsa ntchito pothandiza odwala khansa. Koma chenjerani, ndi lapoizoni munthu akalidya. Si lofulula tiyi ayi, ndipo liikeni patali ndi ana okwawa.

Ma geranium, omwe kwawo ndi ku South Africa, ndinachita kupempha nthambi kwa mnzanga wa kuntchito. Mumadula kanthambi kotalika ngati chala chapakati, kuchotsa masamba a m'munsi, kukasiya pamthunzi maola angapo kuti bala liume, kenako kukazika m'dothi lamchenga. Pakatha masabata atatu kapena anayi mizu imakhala itagwira. Amadana ndi mvula yambiri, ndiye m'dzinja amafuna kukhala kunsi kwa denga. Ma petunia nawonso mvula yamphamvu imawawononga, n'chifukwa chake ndi bwino kuwabzala mvula ikamatha, cha mu Epulo, kuti akongoletse khonde m'miyezi yozizira mpaka chilimwe chiyambe.

Ngati khonde lanu ndi lamthunzi, funsani impatiens. Chomwe chinandiseketsa n'chakuti duwa limeneli, lomwe azungu amaligula m'mashopu awo n'kumalinyadira, kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa. Dziko lathu si losauka pa maluwa. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya ma orchid, ndipo ku Zomba kuli munda wa zomera womwe unayamba m'zaka za m'ma 1890, womwe pano uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Ine ndinali kalikiliki kusirira za ku Leeds, za ku Zomba osazidziwa.

Mphika ndi dothi

Vuto langa loyamba silinali kalendala yokha. Miphika yanga yokongola ija inalibe mabowo pansi. Madzi ankangodikha, mizu n'kusowa mpweya. Duwa la mumphika nthawi zambiri limafa ndi madzi ochuluka kusiyana ndi ludzu.

Pano sindigulanso miphika yodula. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita asanu mukachidula pamwamba, kuchitsuka bwino n'kuboola mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi pansi ndi msomali wamoto, mphika wapezeka. Chidebe chong'aluka, poto wobooka, tayala lakale, zonsezi zimagwira ntchito. Kapenti pang'ono basi, mlendo sangadziwe kuti munali mafuta. Mphika wadothi, kaya wa kumsika kaya wa ku Dedza, uli ndi ubwino woti mizu siitenthedwa, kungoti umauma msanga. Chitini ndi pulasitiki yakuda zimatentha kwambiri padzuwa, ndiye zimenezi muziike pomwe dzuwa la masana silifika.

Dothi lomwe ndinatapa kuseri kwa bafa linali katondo. Likanyowa limamata, likauma limalimba ngati njerwa. Bambo aja anandiphunzitsa kasakanizidwe kosavuta: zigawo ziwiri za dothi lakuda la pamwamba, chigawo chimodzi cha manyowa owola bwino, ndi chigawo chimodzi cha mchenga wa kumtsinje. Mukalifumbata lili lonyowa liziumbika, koma mukalikhudza ndi chala lizimwazika. Manyowa a nkhuku aawisi musayerekeze, amawotcha mizu. Adikireni awole mpaka fungo litatha. Ndipo musadzaze mphika mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala ziwiri kuti madzi asamasefukire.

Pothirira, lamulo ndi chala. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Ngati chatuluka chonyowa, siyani. Ngati chatuluka chouma, thirirani mpaka madzi atatulukira pansi. Mu Juni, chiperoni chikakuta mzinda, ndimatha masiku atatu osathirira. Mu Okutobala ndi tsiku lililonse, m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Udzu wouma kapena mankhusu a mpunga pamwamba pa dothi zimathandiza kusunga chinyezi.

Mlandu wa madzi

Zigubu zitafika zisanu ndi chimodzi, mayi eni nyumba anandiitana. Pampanda pathu tili mabanja anayi ndipo mita ya madzi ndi imodzi, bilu timagawana.

"Mwananga, anzako akudandaula. Akuti iwo akulipirira madzi omwetsa maluwa ako. Komanso udzudzu wachuluka. Ngati sizitheka, uzichotse."

Mtima unandipweteka, koma kunena zoona anali ndi mfundo. Madzi ndi ndalama, ndipo pali masiku omwe pampopi pamakhala pouma. Za udzudzu nazonso sanali kunama. Pansi pa chigubu chilichonse ndinkaika kambale kolandira madzi, ndipo madziwo ankakhala masiku. Kunja kukatentha, udzudzu umatha kuchoka pa dzira kufika pouluka m'sabata imodzi kapena masiku khumi. M'dziko lomwe malungo amagoneka anthu m'zipatala chaka chilichonse, ine ndinali nditatsekula malo oswera udzudzu pakhomo pa anthu.

Ndinapepesa, ndipo ndinawapempha mwezi umodzi. Timbale tonse ndinachotsa, zigubu ndinazikweza pa njerwa kuti madzi azitsika n'kuuma, simenti isadetsedwe. Ndinasiya kutunga madzi a maluwa pampopi. Pano ndili ndi ndowa yapadera kukhitchini, momwe ndimathiramo madzi otsukira masamba, tomato ndi mpunga, ndipo ndimawagwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Madzi a jiki, amchere kapena amafuta ndiye ayi, amapha zomera. M'dzinja ndimatchera ndowa kudenga n'kuivindikira. Bilu ya mwezi wotsatira itabwera, panalibe yemwe anandiloza chala.

Adani ena ndi ang'onoang'ono. Nsabwe za zomera zimaunjikana kunsonga, ndipo ndimazitsuka ndi madzi osakaniza ndi kasopo pang'ono. Nkhono zimabwera usiku m'dzinja, ndimazitola ndi tochi ya pafoni. Nkhuku za aneba ndiye zinandifukulira marigold wanga kawiri, mpaka ndinazika timitengo kuzungulira chigubu.

Kodi n'zopindulitsa?

Anzanga ena amandifunsa kuti bwanji osangobzala mpiru ndi anyezi, zinthu zodyedwa. Funsoli n'lomveka, makamaka momwe zinthu zakwerera mitengomu. Inenso pano ndili ndi zigubu ziwiri za anyezi wamasamba ndi tsabola, ndipo zikukhala bwinobwino pambali pa marigold. Koma sindivomereza zoti maluwa ndi a anthu a ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe okha. Agogo anga analibe akaunti kubanki, koma pakhomo pawo pankachita maluwa chaka chonse.

Ntchito yanga ndi ya pafoni kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mphindi khumi zomwe ndimakhala pakhonde ndikuthyola maluwa ofota kuti ena aphuke, ndi nthawi yokhayo patsiku yomwe manja anga onse awiri amakhala opanda foni. Ndipo kwa ife a lendi, munda wa m'zigubu uli ndi ubwino wina: tsiku lodzasamuka udzakwera nawo lole limodzi ndi matilesi.

Ngati mukufuna kuyamba, musagule maluwa khumi tsiku limodzi. Pezani chigubu chimodzi, boolani pansi, pemphani njere za marigold kapena kanthambi ka geranium kwa aneba, ndipo wogulitsa mbande wa m'dera lanu mumufunse mafunso onse omwe mukanafunsa foni.

Lamulungu lapitali ndikuchapa, mayi eni nyumba anaima pakhonde panga kwa kanthawi, akuyang'ana geranium wofiira yemwe ali m'beseni lobooka lomwe ndinakatenga ku Thyolo. Ndinaganiza kuti kwabweranso mlandu wina.

"Mwananga," anatero, "kaduwa kofiiraka ukandidulireko kanthambi. Ndili ndi chidebe chakale kuseriku."

Ndinawadulira tiwiri, ndipo ndinawakumbutsa kuti ayambe aboola pansi.