Kudyetsa Mwana Amene Matenda Amufooketsa

Makolo ndi aphunzitsi, m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George muli ana amene amakana chakudya akadwala chikuku kapena kutsekula m'mimba. Wina amaonda mpaka nthiti kuwerengeka; wina amatupa mapazi onse awiri, tsitsi nkufiira. Kutupaku sikunenepa ayi, ndi nthenda ya kwashiorkor.

Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amamuyeza mkono, ndipo ukachepera masentimita 11.5 kuzungulira, pa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka 5, moyo uli pangozi. Ku University Teaching Hospital, wodwalitsa amayamba ndi mkaka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, ndi usiku womwe, popeza chakudya chambiri chadzidzidzi chingalemetse mtima wofooka. Akayambanso kufuna kudya, amalandira chiponde chamankhwala cha mtedza, mkaka, shuga ndi mafuta. Mu 2007, mabungwe a WHO ndi UNICEF anavomereza kuti mwana wopanda nthenda ina yoopsa azidyera chipondechi kunyumba.

Tsono kumbukirani: chipondechi ndi mankhwala a wodwalayo, osati chogawana ndi abale ake. Ndipo mayi asaleke kuyamwitsa.